Kutaya choko n'kutola jakisoni: aphunzitsi, werengerani kaye

Nyengo ikafika yoti makoleji a unamwino alengeze malo a ophunzira atsopano, si ana ongomaliza kumene Folomu 4 okha amene amathamanga kukajambulitsa masatifiketi. Pamzere womwewo mumapezekanso anthu akuluakulu, ena mwana ali kumbuyo, amene m'mawa uliwonse amaima kutsogolo kwa bolodi choko chili m'manja. Nkhani yosiya uphunzitsi n'kukayamba unamwino ikukambidwa m'masitafurumu, pansi pa mitengo pomwe aphunzitsi amachongera makope, ngakhalenso m'mafoni usiku. Imakambidwa monong'ona kuti ahedi asamve, koma ikukambidwa ndithu.

Ine pano sindikufuna kudzudzula munthu. Aliyense ali ndi ufulu wosankha ntchito, ndipo mphunzitsi sadalumbire kuti adzafera pabolodi. Chomwe ndikufuna n'choti tiunike bwinobwino chimene chili kutsidya komwe anzathuwa akufuna kuwolokera. Maganizo anga ndi awa: mphunzitsi amene akupita ku unamwino chifukwa mtima wake uli pa odwala apite, tidzamuthokoza. Koma amene akupitako pothawa umphawi wa ntchito ya m'boma adziwe kuti bwana sasintha. Thumba lomwe limalipira mphunzitsi ndi lomwelo limalipira namwino, ndipo thumbalo ndi lobooka.

Tiyambe ndi chimene chikuwatokosa aphunzitsi kuti aziganiza zotere. Makolo athu amatiuza kuti kale mphunzitsi adali munthu wolemekezeka m'mudzi. Ndiye adali ndi njinga ndi wailesi, ndiye ankawerengera amayi makalata ochokera kwa amuna awo ku Joni ndi ku Halale, ndiye ankaitanidwa pa mlandu kuti athirirepo ndemanga. Dzina loti "aphunzitsi" lidali ngati ufumu, munthu ankapita nalo kumanda. Lero mphunzitsi dzina lake lili m'buku la ngongole pa okala, lili kwa akatapila, lilinso ku banki m'khonde. Malipiro akalowa amangolonjerana naye n'kupitirira kwa eni ngongole.

Zinthu sizidafike apa mwangozi. M'chaka cha 1994 boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo ana adakhamukira kusukulu ngati ngumbi mvula yoyamba ikagwa. Chiwerengero chidachoka pa ana pafupifupi 1.9 miliyoni n'kufika pa ana pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Kudali kuchita bwino, palibe angatsutse. Koma makalasi, mabuku ndi aphunzitsi sizidachuluke pa liwiro lomwelo. Boma lidalemba achinyamata zikwizikwi osaphunzira ntchitoyi, kuwasula kwa masabata ochepa n'kuwapatsa choko, kenaka n'kumawaphunzitsa ali kale pantchito kudzera m'ndondomeko ya MIITEP. Papita zaka zoposa 30 koma mpata umene udatseguka nthawi imeneyo sudatsekeke. Pa pepala, mphunzitsi mmodzi amayenera kukhala ndi ana 60. Pitani ku Sitandade 1 m'sukulu zambiri, mukapeza ana oposa 100 atakhala pansi, mphunzitsi akusowa ngakhale popondera kuti akafike kwa amene ali kumbuyo.

Pamwamba pa izi onjezanipo kukhala pa giredi imodzi zaka ndi zaka osakwezedwa, nyumba yodontha kapena kusowa nyumba kumene, ndi ndalama zotsalira zimene munthu amazilondola ku ofesi mpaka nsapato kutha. Mu 2017 aphunzitsi adachita kunyanyala ntchito dziko lonse kuti alandire ndalama zawo za tchuthi, zimene zidali zawo kale. Kenaka kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 aliwonse mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi magawo 44 mu Novembala 2023. Malipiro amakwera inde, koma amayenda wapansi pomwe mitengo ya sopo, mafuta ophikira ndi feteleza ili pa basi. Munthu wotere akayamba kusuzumira kumpanda kwa mnzake, tingamunene?

Nanga n'chifukwa chiyani maso akugwera pa unamwino, osati pa ukalaliki kapena upolisi? Ine ndikuona zifukwa zitatu.

Choyamba ndi mbiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zipatala zathu zidatsala pang'ono kugwa chagada. Edzi inkatenga anthu, kuphatikizapo anamwino eniakewo, ndipo ambiri mwa otsala ankakwera ndege kupita ku Britain. Mu 2004 boma, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, lidayambitsa ndondomeko yapadera ya zaka zisanu ndi chimodzi yopulumutsira ntchito za umoyo. Kuyambira 2005 magulu 11 a ogwira ntchito m'zipatala, anamwino ali momwemo, adawonjezeredwa K52 pa K100 iliyonse ya malipiro awo, ndipo makoleji adayamba kutenga ophunzira ochuluka. Mphunzitsi woyandikana nyumba ndi namwino adaona mnzake akugula malata iye akadali pa ngongole ya mchere. Chithunzi chimenecho chidakhazikika m'mitu ya anthu, ndipo ana amene ankachiona ndiwo aphunzitsi a lero.

Chachiwiri ndi chilonda cha Covid-19. Mu 2020 ogwira ntchito m'zipatala adanyanyala pofuna zodzitetezera ndi ndalama za ukadziotche, ndipo boma lidamva. Mu 2021 bungwe la aphunzitsi la TUM lidapempha zomwezo, ponena kuti mphunzitsi nayenso amakhala m'chipinda chimodzi ndi khamu la ana tsiku lonse. Aphunzitsi adanyanyala kwa masabata, koma alawansi ya mwezi ndi mwezi ngati ya anzawo a kuchipatala sadaione. Uthenga umene udafika m'makutu mwawo udali woti m'nyumba ya boma muli ana obereka ndi ana opeza. Akamvanso kuti namwino akhoza kugwira lokamu, kutanthauza shifiti yowonjezera yolipidwa padera, mtima umauluka.

Chachitatu, chimene ambiri satchula pagulu, ndi khomo lakunja. Satifiketi ya uphunzitsi wa pulaimale mphamvu yake imathera pa chipata cha Mwanza, Mchinji ndi Songwe. Koma thupi la munthu ndi limodzimodzi ku Ntcheu ndi ku Manchester. Aliyense ali ndi nkhani ya namwino wa kwawo amene adapita kunja, lero wamanga nyumba ku Area 25 ndipo akulipirira fizi abale ake onse. Tikanena chilungamo, ambiri amene akufuna kuvala yunifolomu yoyera maso awo sali pa chipatala cha boma cha kwawo. Maso ali pa bwalo la ndege.

Zifukwa zonsezi n'zomveka. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, choncho tiyeni tiung'ambe mkuyuwu tione.

Funso loyamba ndi lakuti: kodi ntchito ilipo? Aliyense amene adagonekapo m'bale wake ku Queens, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu adaona namwino mmodzi kapena awiri akulimbana ndi wodi yonse usiku. Ndiye munthu amati, ngati akusowa chonchi, ndikangomaliza maphunziro andilemba mawa lake. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Kusowa kwa namwino m'wodi ndi nkhani ina, kupezeka kwa ndalama yomulipira ku Capital Hill ndi nkhani inanso. Malo akhoza kukhala opanda munthu pa mndandanda wa unduna, koma ngati bajeti sidaikepo ndalama, malowo ndi dzina chabe. Chiyambire kubedwa kwa ndalama za boma kwa Cashgate mu 2013, pomwe maiko otithandiza adaleka kuthira ndalama mwachindunji mu bajeti, kulemba anthu ntchito m'boma kwakhala kwa apo ndi apo. Bungwe la anamwino ndi azamba la NONM lakhala likudandaula kwa zaka kuti anamwino ambiri omaliza maphunziro, okhoza mayeso, ali pakhomo pomwe odwala akusowa wowapatsa mankhwala.

Aphunzitsi inu simufunika kuuzidwa zimenezi. Ambiri a inu mudadutsa mu IPTE, chaka chimodzi ku koleji chaka china kusukulu, kenaka mudakhala pakhomo kudikira kalata. Ena adadikira zaka ziwiri, ena kuposa. Ena adagulitsa kaunjika, ena adapalasa kabaza, ena adaphunzitsa m'sukulu zapulaiveti pa malipiro a ganyu, kwinaku sukulu ya boma ya m'mudzi mwawo ikusowa mphunzitsi. Mzere umene mudaimapo uja ulikonso ku unamwino. Kusiyana kwake n'koti nthawi ija mudali achinyamata opanda ana, pomwe pano muli ndi banja lodikira ndiwo madzulo.

Wina anena kuti, boma likakana ndikalowa ku chipatala cha mishoni. Zoona, zipatala za CHAM zimagwira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ntchito za umoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Koma malipiro a ogwira ntchito ambiri m'zipatala zimenezi amachokera ku boma lomwelo, malinga ndi mgwirizano wa mbali ziwirizi. Ndiye kuti mwazungulira nyumba n'kulowera khomo lakuseri, koma mwini nyumba ndi yemwe uja.

Wina anenanso za mabungwe. Kwa zaka zambiri ndalama za Global Fund ndi za PEPFAR ya ku America zalipira anthu ambiri a zaumoyo, makamaka pa ntchito yolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo. Ntchito zimenezi zinkaoneka zonona kuposa za m'boma. Koma mu Januwale 2025 boma la a Donald Trump lidaimitsa chithandizo cha America ku maiko akunja, ndipo chaka chomwecho bungwe la USAID lidatsekedwa. Anthu amene dzulo lake ankayenda pa galimoto za mabungwe adadzuka ali ndi makalata m'manja. Onsewo, ndi luso lawo la zaka zambiri, adabwerera pamzere womwe inu mukufuna kukaimapo.

Funso lachiwiri ndi la masamu, ndipo aphunzitsi masamu mumawadziwa. Titenge mphunzitsi wa zaka 32 zakubadwa. Makoleji a unamwino amafuna makirediti abwino pa MSCE, makamaka m'Chingerezi, Masamu, Biology ndi maphunziro a sayansi amene kale ankalembedwa pamodzi ngati Physical Science. Ngati satifiketi yake ili yofooka pamenepo, ayenera kulembanso mayeso. Chaka chimodzi chapita, atakhala pa desiki limodzi ndi ana amene iye mwini adawaphunzitsa a e i o u. Akatengedwa ku Nkhoma, Ekwendeni, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa, Holy Family ku Phalombe, Trinity ku Muona, Malamulo kapena ku Malawi College of Health Sciences, dipuloma ya unamwino ndi uzamba ndi zaka zitatu. Digiri ya ku KUHeS kapena ku Mzuni ndi zaka zinayi. Akamaliza, sangagwire wodwala asadakhoze mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi. Kenaka kudikira ntchito. Munthu uja akamadzalandira malipiro oyamba a unamwino ali ndi zaka 37 kapena 38, ndipo zaka zopumira ntchito m'boma ndi 60.

Zaka zitatu za ku koleji ndi miyezi 36. Tengani malipiro anu a pamwezi, ngakhale mumawanyoza, muwachulukitse ndi 36. Imeneyo ndi ndalama imene simudzaiona ngati mwatula pansi ntchito. Onjezanipo fizi, yunifolomu, chakudya, lendi ya kumalo ochitira pulakitiko ndi thiransipoti. Onjezaninso fizi ya ana anu, poti iwo saima kukula podikira kuti bambo kapena mayi amalize sukulu. Mukapeza chiwerengerocho, dzifunseni kuti kusiyana kwa malipiro a namwino woyamba kumene ntchito ndi malipiro anu a lero kudzabweza ndalama imeneyo m'zaka zingati. Musafunse kwa anthu a pa bawo. Pezani namwino amene mumakhulupirirana, akuonetseni pepala lake la malipiro, muliyike pambali pa lanu.

Pa nkhani ya fizi sindikunena zongomva. Ine ndidasiyira panjira maphunziro a ku yunivesite ndalama zitatha, ndipo chimene ndidaphunzirapo n'choti pepala la theka kulibe. Zaka ziwiri mwa zitatu sizikupatsa magawo awiri a dipuloma, zimakupatsa ngongole basi. Mwana wa Folomu 4 akalephera fizi amabwerera kwa makolo ake. Mphunzitsi amene watula pansi ntchito akalephera fizi m'chaka chachiwiri abwerera kuti? Choko wataya, jakisoni sadatole. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Funso lachitatu ndi la khomo lakunja lija. Khomolo lilipo, koma si lotambalala monga limaonekera pa zithunzi za pa Facebook. Mu 2010 maiko a m'bungwe la WHO adagwirizana mfundo zoletsa kukokolola anthu a zaumoyo m'maiko osauka. Mu 2020 bungweli lidatulutsa mndandanda wa maiko amene ali ndi vuto lalikulu la kuchepa kwa anthu a zaumoyo, n'kuuwonjezera mu 2023, ndipo Malawi adalembedwa pa mndandandawo. Britain idatengera mndandanda womwewo n'kuletsa zipatala zake ndi makampani olemba anthu ntchito kubwera kudzakopa anamwino m'maiko otere. Munthu payekha akhoza kufunsira ntchito, koma ayenera kudutsa mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, mayeso a pa kompyuta, ndi mayeso ena oonetsa luso akafika komweko. Zonsezi zimalipidwa ndi ndalama zakunja, zimene kuno zimasowa ngakhale ku banki. Komanso dipuloma ya zaka zitatu ija kwathu kuno ndi ya udindo wotsikirapo poyerekeza ndi namwino wa digiri, ndipo kunjako amaunika pepala lililonse asadakuvomere.

Njira ina imene ambiri ankadalira, yokasamalira okalamba, nayo idaphwa. Mu Malichi 2024 Britain idaletsa ogwira ntchito imeneyi kutenga mabanja awo, ndipo mu Julaye 2025 idatseka kulemba anthu atsopano ochokera kunja pa ntchitoyi. Malamulo a eni dziko amasintha ndi zisankho zawo, osati ndi mavuto athu. Mphunzitsi amene akuyamba ulendo lero akubetcha pa khomo limene adzaligogode zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zikubwerazi. Ndani angalumbire kuti lidzakhala lotsegula? Ndipo pamene pali anthu ofunitsitsa kupita, pamakhalanso akamberembere olonjeza maviza, amene amadya ndalama za anthu n'kuzimitsa foni.

Tsopano tikambe za ntchito yeniyeniyo, poti anthu amaona yunifolomu koma saona chimene chimaidetsa. Mphunzitsi ali ndi chuma china chimene sachiwerengera: nthawi. Amaweruka dzuwa likadalipo, Loweruka ndi Lamulungu ndi ake, ndipo ali ndi tchuthi katatu pa chaka. Ndi nthawi imeneyo amalima, amachita kabizinesi, amaphunzitsa ana apadera, amayang'anira mayeso a MANEB, amagwira nawo ntchito ya zisankho ndi kalembera. Namwino alibe Khirisimasi. Pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, pomwe anamwino amakhala awiri kapena mmodzi, nyumba yake imakhala pafupi ndi chipatala dala, kuti mayi akabwera ndi matenda a uchembere pakati pa usiku agogode pa zenera. Magetsi akazima, mwana amabadwa ndi kuwala kwa tochi ya foni. Ambulansi ikasowa mafuta, amene amayang'anizana ndi abale a wodwala si nduna, ndi namwino.

Kumbukirani nthawi ya miliri. Covid-19 itafika mu 2020 sukulu zidatsekedwa kwa miyezi, koma zipatala sizidatseke. Kolera amene adayamba mu Malichi 2022 adapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Aphunzitsi ndi ana adauzidwa kuti akhale kunyumba. Anamwino adali m'matenti, akusintha madiripi ndi kukolopa zimene sitingazitchule pa tsamba lino. Ndalama ya ukadziotche ija dzina lake silidabwere mwamasewera.

Palinso kulemera kwa cholakwa. Mphunzitsi akaphonya phunziro Lolemba, amalibwereza Lachiwiri. Namwino akaphonya muyezo wa mankhwala a khanda, palibe Lachiwiri. Pali maliro, pali kufufuzidwa, ndipo khonsolo ya anamwino ili ndi mphamvu yomulanda chiphaso. Walira mvula walira matope. Amene akuthawa phokoso la ana 100 adzifunse ngati angapirire kulira kwa mayi mmodzi amene mwana wake wamwalira ali m'manja mwake.

Musandimve molakwa, sindikuti mphunzitsi sangakhale namwino wabwino. Akhoza kukhala wabwino kuposa ambiri. Theka la unamwino ndi kuphunzitsa: kufotokozera amayi ku sikelo za katemera ndi kadyetsedwe ka mwana, kulangiza wodwala shuga kapena BP za chakudya, kukambirana ndi mnyamata amene wangoyamba kumwa ma ARV kuti asadumphitse. Madandaulo ambiri a anthu pa anamwino ndi okhudza kalankhulidwe, ndipo munthu amene wakhala zaka khumi akuleza mtima ndi ana a Sitandade 2 ali ndi mankhwala a vuto limenelo. Amadziwa kusunga kaundula, amadziwa kuona mwana amene sali bwino asadanene. Patsogolo akhozanso kudzaphunzitsa anamwino anzake ku koleji, maluso awiriwo n'kukumana. Wotere, amene amati akaona wodwala mtima wake umamukoka, asamangidwe miyendo.

Koma asadalembe kalata yotula pansi ntchito achite zinthu zingapo. Akhale mlezi wa wodwala m'wodi ya boma kwa masiku angapo, usiku ndi usana, aone ngati mphuno ndi mtima wake zikupirira. Alembe mayeso a MSCE akadali pantchito. Afunse ku ofesi ya maphunziro ya boma lake, molemba kalata osati pakamwa, za tchuthi cha maphunziro, za zaka zimene wagwira kale ndi za penshoni yake. Afunse koleji imene akufuna kuti mwa ophunzira amene adamaliza zaka ziwiri zapitazo, ndi angati ali pantchito yokhazikika. Akhale pansi ndi mkazi wake kapena mwamuna wake, poti amene adzasenze banja zaka zitatuzo ndi iyeyo. Ndipo fizi ya chaka choyamba ndi chachiwiri ikhale pooneka, osati m'malonjezo a malume a ku Joni. Safunsa adadya phula.

Amene vuto lake ndi malipiro ndi ulemu, osati chikondi cha pa odwala, aganizirenso makwerero amene ali m'nyumba yake yomwe. Ku Domasi ndi ku Nalikule mphunzitsi wa pulaimale akhoza kukwera n'kukaphunzitsa ku sekondale. Ku Montfort, ku Nguludi, amasula aphunzitsi a ana olumala ndi ena ofunika chisamaliro chapadera. Mayunivesite ena ali ndi maphunziro otheka munthu ali pantchito. Njira zimenezi nazo zili ndi minga, koma zaka zimene munthu wagwira kale sizitayika, ndipo sayambiranso pansi.

Mbali yotsala ndi ya ife tonse ngati dziko. Mphunzitsi aliyense wa boma adaphunzitsidwa ndi misonkho yathu. Akachoka, ana ake amaphatikizidwa ndi kalasi ina, 90 aja n'kukhala 150. Akapita ku unamwino n'kukakhala pakhomo kudikira ntchito, ndiye kuti tataya mphunzitsi osapeza namwino. Akapeza mwayi wakunja, ndiye kuti Mmalawi wosauka waphunzitsa munthu kawiri kuti akasamalire nkhalamba za dziko lolemera. Uku n'kutunga madzi m'chidebe chobooka n'kuthira m'chidebe china chobookanso, kenaka n'kumadabwa kuti pakhomo palibe madzi.

Tisaiwalenso kuti namwino wa mawa amachokera m'kalasi ya lero. Mwana amene sadaphunzire kuwerenga bwino ku Sitandade 3 sadzawerenga muyezo wa mankhwala. Mu 1998 masukulu a MCDE atasandutsidwa ma CDSS, aphunzitsi ambiri a pulaimale adakokeredwa kumeneko, pulaimale n'kutsala yopunduka, sekondale nayo osakwana. Mpaka lero mphunzitsi wa Biology ndi labotale ndi zinthu zosowa m'ma CDSS ambiri, ndipo n'chifukwa chake ana a kumudzi amalephera makirediti omwe aja ofunika ku unamwino. Boma la a Peter Mutharika litalowa mu 2025 lidalengeza sekondale yaulere kuyambira Januwale 2026. Phunziro la 1994 ndi loti ukatsegula chipata, ana amabwera lero lomwe, koma mphunzitsi amatenga zaka kuti umupange. Ino si nthawi yotaya ngakhale mmodzi.

Tsono boma lichitenji? Choyamba linene zoona. Chaka chilichonse unduna wa zaumoyo ndi wa maphunziro uzilengeza poyera kuti makoleji atulutsa anthu angati, malo amene ali ndi ndalama ndi angati, ndipo amene akudikira ndi angati. Makolo akugulitsa mbuzi ndi minda kulipirira ana maphunziro mumdima. Chachiwiri, kukwezedwa pantchito kwa aphunzitsi kukhale ndi nthawi yodziwika, osati kudikira chaka cha zisankho. Munthu amapirira malipiro ochepa ngati akuona makwerero patsogolo pake. Chachitatu, malonjezo amene tidasainira tiwakumbukire. Ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa adalonjeza kupereka K15 pa K100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Ku Incheon mu 2015 maiko adagwirizana zopereka K15 mpaka K20 pa K100 iliyonse ku maphunziro. Aphungu athu akamakambirana bajeti azifunsa za manambala amenewa ndi mphamvu zomwe amafunsira za alawansi zawo.

Nawo mabungwe a TUM ndi NONM aleke kuyenda aliyense njira yake ngati akazi a mitala olimbirana ndiwo. Boma limasangalala aphunzitsi akamachitira nsanje anamwino, chifukwa nsanjeyo imaiwalitsa funso lenileni, loti n'chifukwa chiyani dziko losowa aphunzitsi ndi anamwino likusunga aphunzitsi ndi anamwino pakhomo. Mutu umodzi susenza denga. Tsiku limene mabungwe awiriwa adzakhale pa tebulo limodzi ndi nduna ya zachuma, atanyamula chiwerengero chimodzi, nkhani idzamveka mosiyana.

Kwa inu aphunzitsi amene fomu ili kale m'chikwama, mawu anga ndi ochepa. Ngati mukupita chifukwa mukufuna kugwira dzanja la wodwala, pitani, ndipo konzekerani mokwanira kuti mukafike kumapeto. Ngati mukupita chifukwa mwatopa ndi ngongole, khalani pansi usiku uno ndi kope ndi cholembera, muchite masamu a miyezi 36 aja monga momwe mumauzira ana anu: onetsani njira yonse, osangolemba yankho.